Galasi la Datsun ya Amalume Ndinaswa Ndine

Galasi la chitseko cha kumanzere cha galimoto ya amalume anga ndinaswa ndine, ndi manja angawa, masana a Loweruka lina mu Okutobala 2022. Sanaswe mwana uja amene makolo ake analipa mbuzi pabwalo la anyakwawa. Kwathu kwa Maseya nkhaniyi inamveka kale, poti ndinakaiulula pagulu, koma ndaona kuti ndiilembe, ifike ndi kwa ena amene sanaonepo kumene kubisa kanthu kakang'ono kumakamufikitsa munthu.

Galimotoyo ndi Datsun 1200, kapikapu kakang'ono kosuluka utoto. Galimoto za mtunduwu zinayamba kupangidwa ku Japan mu 1971, ndipo ku South Africa anapitiriza kuzipanga ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, mpaka mu 2008, dzina litasintha kukhala Nissan 1400. Amalume anaigula kwa kapitawo wina pamene ankayendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe ku Nchalo, kampaniyo ikadali kutchedwa SUCOMA, Illovo isanaitenge mu 1997. Anaigula yoyendapo kale, n'kuisamala zaka zonsezi kufikira ikhale galimoto yakale kuposa zonse m'dera lathu.

Palibe banja pamudzi pathu limene silinakwerepo Datsun imeneyi. Yanyamula thonje kupita nalo kumsika, mbuzi, malata, akwati ndi ankhoswe awo. Yathamangitsa amayi oyembekezera pakati pa usiku kupita ku chipatala cha Montfort ku Nchalo kapena cha boma ku Chikwawa, ndipo yabweretsa mabokosi a anthu amene sanabwerere amoyo. Amalume atalowa m'gulu la alimi a nzimbe la Phata, limene linayamba mu 2011, ndalama zikagawidwa ankayamba apatula kangachepe ka matayala ndi oyilo, kenako ndiye za pakhomo. Maso awo atayamba kuchita nkhungu, kiyi anapatsa ine, mwana wa mlongo wawo, amene ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale chakonkuno. Anandiuza kuti, "Mphwanga, iyendetse iweyo, koma chikavuta chilichonse uzindiuza."

Amene sanakhalepo ku Chigwa cha Shire angaone ngati zenera la galimoto n'chinthu chosafunika kulembera nkhani. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo Datsun ilibe makina oziziritsira m'kati. Galasi likakana kutsika, wokhala mbali imeneyo amapsa. Likakana kukwera, amadya fumbi la m'misewu ya m'minda, amathothokeredwa phulusa la nzimbe zimene amaotcha asanadule, ndipo usiku udzudzu umadzaza m'kabini. Ukafika m'tauni sungaisiye galimoto n'kulowa m'sitolo. Zonsezi zimadalira kachogwirira kamodzi kopukusa ndi dzanja, ndi zitsulo zochepa zobisika m'mimba mwa chitseko.

Vuto linayamba ndi madzi. Kumapeto kwa Januwale 2022 namondwe wa Ana anasefukiritsa Shire ndi Mwanza, msewu wa M1 unaduka malo angapo, ndipo pakhomo pa amalume madzi amatope anafika pakati pa zitseko za galimoto. Madzi ataphwa tinatsuka injini, tinasintha oyilo, tinayanika mipando. Za m'kati mwa zitseko palibe anaganiza. Miyezi itapita, galasi la kumanzere linayamba kulimba. Ukapukusa limakwera pang'ono, kenako chogwirira chimadumpha n'kulira kuti khwe khwe, galasi lili pomwepo. Azakhali, akazi a amalume, amene amakhala mbali imeneyo, anayamba kumalikoka ndi dzanja limodzi kwinaku akupukusa ndi linalo.

Amalume anandiitana n'kundipatsa ndalama m'manja. Anati ndipite nayo galimoto kwa makaniko wina wachikulire wa ku Nchalo, mnzawo wa kuyambira masiku a thirakitala, amene wakhala akuikonza chiigulireni. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinavomera, koma ku Nchalo sindinapite. Chaka chimenecho mu Meyi ndalama ya kwacha inali itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mitengo ya zinthu inali itakwera, ndipo ine ndinali ndi ngongole ku banki m'khonde imene tsiku lake linali litakwana. Ndalama ya amalume ndinakabweza ngongole. Ndinadziuza kuti zenera ndi nkhani ya sipanala ndi girisi basi, ndikonza ndekha, amalume sataya kanthu. Kuba kwanga kunayambira pamenepo, ngakhale nthawi imeneyo sindinakutche kuba.

Ndinadikira sabata imene amalume ndi azakhali anapita ku maliro kutsidya kwa Shire, kwa Makhuwira, pa galimoto ya mpingo. Ndinaimika Datsun pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba, ndili ndi masipanala obwereka, sikuludiraiva ndi pulayala. Chogwirira chinakana kuzuka. Sindinadziwe kuti kuseri kwake kuli kawaya kopindika kamene kamachigwira, ndiponso kuti amisiri amakachotsa mofatsa polowetsa kansanza pampata n'kukoka uku ndi uku. Ine ndinalowetsa sikuludiraiva n'kutekenya mwamphamvu. Chogwirira chinang'aluka pakhosi, kawayako kanauluka n'kugwera mumchenga, osaonekanso. Chikuto cha m'kati mwa chitseko ndinachikoka chimodzimodzi, timapini take tambiri tinathyokera m'mabowo.

Pamenepo ndi pamene ndinaona koyamba makina okwezera galasi. Ukapukusa chogwirira, umazunguza kagiya kakang'ono. Kagiyako kamaluma mano a chitsulo chophwatalala chozungulira mbali imodzi. Ku chitsulocho kwalumikizidwa mkono, ndipo kunsonga kwa mkonowo kuli kagudumu ka pulasitiki koyenda m'njanji imene yagwira galasi kunsi. Pakati pali sipuling'i yopota yolimba kwambiri, yothandiza kunyamula kulemera kwa galasi kuti dzanja la munthu lisavutike. M'mbali mwa zenera muli tingalande tovekedwa nsalu yaubweya momwe galasi limatsetsereka. Zonsezi zinali zitakutidwa ndi matope ouma osakanikirana ndi girisi wakale, ndipo pansi pa chitseko panali dothi lonyowabe, miyezi yonseyo dzuwa likuomba kunja.

Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Ine ndinamasula mabawuti onse ogwira makinawo, osayamba ndamanga galasi m'mwamba, osaikanso chizindikiro pamene bawuti iliyonse inali. Bawuti yomaliza itatuluka, galasi linatsika lokha m'kati mwa chitseko n'kukagunda pansi. Ndinalikoka ndi zala, ndipo pangodya yake yam'munsi ndinaona pobenthuka pang'ono, kuchepa kuposa chikhadabo. Ndinati palibe kanthu. Makina aja nditawatulutsa, ndinapukusa kagiya mpaka kanadutsa dzino lomaliza. Sipuling'i inamasuka ndi mphamvu yake yonse, mkono wachitsulo unazungulira n'kunding'amba chala chamanthu mpaka magazi kuchucha pampando. Chipsera chake ndili nachobe.

Nditamanga chala ndi nsanza, ndinayang'anitsitsa chitsulo cha mano chija. Mano angapo a mbali imene imagwira ntchito galasi likamafika pamwamba anali ataperepeseka, n'chifukwa chake kagiya kankadumpha. Ndinakwera kabaza kupita kwa wowotcherera wina wa pamsika wa m'mbali mwa M1. Chaka chimenecho magetsi ankazimazima kwambiri, chifukwa namondwe yemwe uja anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi atayaka, panali mzere wa njinga, mafelemu a zitseko ndi ngolo. Mnyamatayo anandichenjeza kuti chitsulocho n'chopyapyala, chikhoza kupindika ndi moto, ndipo ntchito yotere imafuna nthawi. Ndinamuumiriza kuti angodontheza chitsulo pamano othawo, zosema ndikasema ndekha. Anachita zimene ndinamuuza.

Kunyumba ndinatenga tupa n'kuyamba kupala zotupa zija mongoyerekeza ndi maso. Mano ena anatuluka onenepa, ena oonda, mipata yake yosiyana. Sindinaone kuti moto unali utapinda chitsulocho pang'ono. Matope sindinatsuke, ndinangopaka girisi watsopano pamwamba pake, ndipo ndinathira wina m'tingalande ta nsalu tija poganiza kuti galasi liziterera. Sipuling'i ndinaibwezera movutikira, ndinamanga mabawuti pamene anagwera, n'kulowetsa kagudumu m'njanji. Poti chogwirira chinali chitang'aluka, ndinapana mutu wa kagiya ndi pulayala.

Galasi linakwera pang'ono, kenako linapendekeka, mbali yakutsogolo m'mwamba, yakumbuyo m'munsi, n'kuima. Ndinabweza, ndinapukusanso, linaimanso pomwepo. Thukuta likulowa m'maso, chala chikupweteka, mtima uli pa amalume amene abwera madzulo ake, ndinagwira pulayala ndi manja awiri n'kutsamira ndi thupi lonse. Kunamveka kuti phwa! Galasi lonse linasanduka timiyala ting'onoting'ono ngati mchere wosasinja, tambiri tinagwera m'mimba mwa chitseko, tina pamapazi panga.

Magalasi a m'mbali mwa galimoto amawaumitsa mwapadera: amawatenthetsa kwambiri n'kuwaziziritsa mwadzidzidzi, kotero kuti pankhope amakhala olimba, koma akabenthuka m'mphepete n'kupanikizidwa, amaphulika onse nthawi imodzi. Amatero dala, kuti pangozi asacheke anthu ndi zibenthu zazitali. Galasi lotere silidulika, silimatika, ndipo sungaikepo la zenera la nyumba m'malo mwake. Pobenthuka paja, pamene ndinati palibe kanthu, ndi pamene panayambira.

Mpaka apa inali ngozi ya munthu wosafunsa, ndipo akuluakulu anati safunsa anadya phula. Zimene ndinachita pambuyo pake sizinali ngozi. Ndinasesa pansi, ndinabwezera chikuto cha chitseko, ndinakankhira chogwirira chong'aluka pamalo pake. Kenako ndinatapa timagalasi tina n'kumwaza pampando, ndinatola mwala wosalala n'kuuika pansi pa mpandowo. Ndinabweza galimoto pamalo pake pa masiku onse, n'kupita kukasamba.

Amalume atafika anaima pambali pa chitseko nthawi yaitali osayankhula. Kenako anafunsa kuti, "Mphwanga, chachitika n'chiyani?" Ndinayankha kuti, "Malume, inenso ndangopeza chonchi. Kaya ndi ana a malegeniwa." Azakhali anapeza mwala uja. Mawa lake nkhani inali itawanda, ndipo dzina limodzi linayamba kutchulidwa, la mnyamata wa sitandade 5 wa kuseri kwathu, woweta mbuzi, amene legeni sinkachoka m'khosi mwake. Anali katswiri wolasa mpheta m'minda ya mapira, ndipo luso lakelo ndi limene linamugwetsera m'mlandu.

Pabwalo anyakwawa anandifunsa ine mwachindunji. Anati, "Aphunzitsi, inu ndi amene munali pakhomo. Mwanayu munamuona?" Ndinati, "Ndinamuona akudutsa ndi legeni, afumu." Zinali zoona kuti anadutsa m'mawa ndi mbuzi zake, ndipo ndinasankha mawuwo mosamala kuti ndizidzadzinamiza kuti sindinaname. Mwanayo anakana akulira, analumbira, anayang'ana ine kuti ndimuthandize. Ndinayang'ana pansi. Ndani akanakhulupirira kambusa ka mbuzi n'kusiya mphunzitsi? Bambo ake, amene amadula nzimbe mwaganyu nyengo yokolola, anagwada n'kupepesa, ndipo anagamulidwa kulipa mbuzi. Usiku umenewo tinamva mwanayo akukwapulidwa. Lolemba lake sanabwere kusukulu, ndipo sabata zinatsatizana malo ake m'kalasi ali opanda munthu.

Pazenera ndinamatapo pepala la pulasitiki ndi selotepi. Amalume anandifunsa za ndalama ija, ndinati makaniko anali atachokapo, ndalama ili bwino, ndikudikira abwere. Bodza limodzi linafuna linzake loti lilichirikize.

Mu Novembala azakhali anadwala, ndipo a chipatala anatilembera kalata yopita ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Tinawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu kuli dzuwa, koma titadutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera mapiri, mvula yoyamba inatipeza. Mphepo inang'amba pulasitiki pakona yoyamba. M'kabini ya Datsun anthu atatu amakhala mopanikizana, ndipo pamsewu wokhotakhota uja malo oima bwino ndi ochepa. Amalume anavula jekete n'kuwafunditsa akazi awo, koma tinafika m'tauni azakhali atanyowa mbali yonse ya kumanzere, akunjenjemera. Amalume anang'ung'udza kuti, "Mwana uja Mulungu amuone." Ndinagwira chiwongolero, osatsegula pakamwa. Azakhali anachira, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo, koma mawu a amalumewo anandilanda tulo.

Titabwerako amalume anati sadikiranso, apita okha kwa mnzawo uja. Ndinawayendetsa mpaka ku Nchalo mawondo akugwedera. Mkuluyo anawakhazika amalume pamthunzi, anatuma mwana kukawagulira thobwa, ndipo ine anandiitana kuti ndimugwirire chitseko. Anazula chogwirira, anachiyang'ana pong'aluka, n'kuchiika pambali. Anachotsa chikuto, anawerenga ndi chala timapini tothyoka. Analowetsa dzanja m'mimba mwa chitseko n'kutulutsa timagalasi todzaza chikhatho. Atatulutsa makinawo anakhudza mano owotcherera aja, kenako anayang'ana chipsera cha pachala changa.

Anayankhula motsitsa mawu. "Aphunzitsi, galasi likaswedwa ndi mwala lili chotseka, zibenthu zambiri zimagwera pampando. Izi zadzaza m'kati mwa chitseko. Galasili linasweka lili pakati panjira, wina akulikakamiza. Ndipo mwala suwotcherera mano a chitsulo." Ndinakhala chete. Anapitiriza kuti, "Ine ntchito yanga ndi zitsulo. Amalume anuwo sindiwauza kanthu. Koma ndamva kuti kuli mwana analipitsidwa mbuzi. Zimenezo ndi za inuyo."

Ndinapita pamthunzi paja, ndinagwada pamaso pa amalume, anyamata a pagalaja akuona, n'kunena zonse: ndalama, ngongole, chogwirira, wowotcherera, pulayala, mwala umene ndinauika ndekha pansi pa mpando. Amalume anaika pansi thobwa lija. Sanakuwe. Anati, "Ukanandiuza kuti uli ndi ngongole, ndikanakupatsa. Ukanandiuza kuti waswa galasi, ndikanakukalipira tsiku limodzi basi. Koma wanditembereretsa mwana wa eni wosalakwa, wandidyetsa mbuzi ya mphawi. Galimoto isiye pompano. Tikaone kaye anyakwawa."

Mlandu suola. Bwalo linakhalanso pansi pa mtengo womwe uja, anthu ochuluka kuposa poyamba. Ndinaimirira n'kubwereza zimene ndinauza amalume, osachotsapo kanthu. Amayi ake a mwanayo anayamba kulira mokweza, bambo ake anangogwira mutu. Anyakwawa anagamula kuti mbuzi ibwerere, ine ndionjezere ina ya m'thumba mwanga yopepesera banjalo, ndi nkhuku ya pabwalo chifukwa chonamiza mfumu. Anati mphunzitsi amasunga ana a mudzi wonse, choncho bodza lake limalemera kuposa la munthu wamba. Panalibe choti ndingatsutse. Anandiuza kuti ndipepese kwa mwanayo mwini wake, ndipo ndinatero. Sanayankhe, anangoima kumbuyo kwa amayi ake.

Kukonza zenera kunabwera pambuyo pa zonsezi, ndipo mkulu wa ku Nchalo uja anati ndizikhalapo kuti ndione. Galasi ndi makina ena tinakazipeza ku Ndirande, kwa ogulitsa zipangizo za galimoto zophwasula, zochokera pa Nissan 1400 imene inachita ngozi mbali inayo. Mkuluyo anandichenjeza ndisananyamuke kuti makina a chitseko cha kumanja ndi a kumanzere ndi osiyana, ndiponso kuti ndinyamule akale aja kuti ndikayerekeze mabowo a mabawuti. Anati ndikapukuse kagiya kuchokera dzino loyamba kufika pafupi ndi lomaliza ndisanapereke ndalama, ndikamve ngati pali podumpha, ndikagwedeze mkono ndione ngati pachimango pake pali polobodoka. Ndalama zake ndinalipira ndekha, mwapang'onopang'ono.

Ntchito yake anayambira pamene ine sindinaganizeko n'komwe. Anakokolola dothi lonse la pansi pa chitseko, n'kutsegula ndi waya timabowo totulutsira madzi tomwe tili kunsi kwake, timene tinali titatsekeka chichokereni madzi osefukira aja. Anazula tingalande ta nsalu n'kundionetsa mmene tinafufumira ndi matope mpaka kupana galasi. Anati gwero la vuto linali limeneli. Galasi likapanika, munthu amapukusa mwamphamvu, ndipo mphamvuyo imathera pamano a chitsulo mpaka aperepeseke. Wokonza mano okha n'kusiya tingalande, mano atsopanowo adzathanso. Anaika tingalande tina touma, ndipo anati m'menemo simulowa girisi, chifukwa kuno kwathu girisi amaitana fumbi, fumbi n'kusanduka msasa wopala galasi.

Makina a ku Ndirande anawaviika m'palafini, anawakwecha ndi kaburashi mpaka dzino lililonse kuonekera, anawaumitsa, kenako anapaka girisi wochepa pamano, pachimango, pasipuling'i ndi m'njanji ya kagudumu. Galasi analilowetsa chopendeketsa, analikweza pamwamba n'kulimanga ndi selotepi yolimba kudutsa pamwamba pa chitseko, kuti lisagwe manja ali m'kati. Mabawuti anawamanga molobodoka kaye, anakweza ndi kutsitsa galasi kangapo akusuntha makinawo pang'onopang'ono mpaka linayamba kuyenda chilili, ndiyeno n'kumangitsa. Anati chitseko chinacho tichite chimodzimodzi chisanafike povuta, ndipo m'menemo tinapezamo dothi lomwelo. Mawu amene ankabwereza anali akuti chogwirira chikayamba kulimba, usaonjezere mphamvu, tsegula uone chimene chagwira.

Ndinamufunsa ngati mano otha angawotchereredwe n'komwe. Anati n'zotheka pamene zipangizo zasowa, koma pamafunika moto wochepa, dontho limodzi limodzi, chitsulo chitapanidwa pamalo osalala kuti chisapindike, kenako kusema dzino lililonse moyezera ndi mano abwino otsalawo. Ndi ntchito ya tsiku lathunthu ya munthu wodekha. Ine ndinaifuna pa mphindi zochepa, chifukwa chimene ndinkathamangira sichinali kukonza zenera koma kubisa ndalama.

Lero magalasi onse awiri a Datsun amakwera ndi zala ziwiri. Amalume anandibwezera kiyi patapita nthawi, koma ndalama za galimoto amakapereka okha kwa makaniko, ndipo sindiwaimba mlandu. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, galimoto tinali titaikweza kale kumtunda, ndipo mvula itatha ndinatsegula zitseko zonse ndekha n'kuyeretsa timabowo tija, amalume atakhala pampando pambali panga.

Mwana uja anabwerera kusukulu, koma chaka chimenecho anabwereza kalasi chifukwa cha masiku amene anajomba. Anapempha kuti asamakhale m'kalasi yanga, ndipo aphunzitsi aakulu anamulola. Makope ndi yunifolomu yake ndimagula ndine, kudzera kwa amayi ake. Tikakumana panjira amapereka moni mwaulemu, maso ali kumbali, ndipo legeni sindinamuonenso nayo. Mbuzi inabwerera, galasi linapezeka ku Ndirande, koma chaka cha sukulu cha mwanayo ndi mikwingwirima ya usiku uja palibe msika umene ndingakazigule kuti ndimubwezere.

Kwa inu amene mwasungitsidwa chinthu cha mwini, kaya ndi galimoto, njinga yamoto, pampu yothirira kapena ndalama za gulu, ndikupemphani ichi. Chikakuvutani funsani amisiri, alipo m'misika yathu yonse, ndipo ambiri sakaniza nzeru. Mukasowa ndalama nenani kuti mwasowa. Mukaononga, kaneneni tsiku lomwelo ndi pakamwa panu, manyazi akadali aang'ono. Ndipo mukaitanidwa pabwalo kuti muchitire umboni mwana amene sangathe kudziteteza, nenani zokhazo zimene maso anu anaona, zonse, ngakhale zitakhala zokugwetsani inu nomwe.